Mausi Kumanzere

Poti magetsi atithawanso, tsekani malaputopu anuwo musendere kuno kumbaula. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ine, munthu wodyera dzanja lamanja, ndimaikira mausi kumanzere kwa kiyibodi, ndipo ndakhala ndikukuuzani kuti ndi nyamakazi. Ndilibe nyamakazi ine. Lero ndikuuzani zoona, koma muziyang'ana makalawo, osati nkhope yanga.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa sikimu ina ya mpunga kuchigwa uko. Dzina lake sinditchula chifukwa anthu ake alipobe. Alimi analipo mazana anayi ndi kanthu, ngalande yaikulu inali imodzi, ndipo madzi sankakwanira onse tsiku limodzi. Ndiye Lolemba lililonse m'mawa, pachitseko cha ofesi pankamatidwa ndandanda: ndime yakuti ilandira madzi tsiku lakuti, kuyambira ola lakuti. Pepala limenelo likapanda kutuluka, anthu ankapita okha kumageti a madzi atanyamula makasu, ndipo makasuwo sankathera m'matope mokha. Panali bambo wina wa khutu limodzi amene akanakuuzani bwino.

Ndandandawo unkatuluka m'kompyuta yakale ya Windows XP, imene inali yoyera pogulidwa koma inali itasanduka yachikasu ngati mano a wosuta chingambwe. M'kati mwake munali pulogalamu yowerengera madzi, ndipo amene anailemba anali a Namalomba, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito amene sikimu inawatenga kukhala kalaliki. Anaphunzira okha chilankhulo cha Java kuchokera m'buku lopanda chikuto, ndipo anatha zaka ziwiri akulemba ndi zala ziwiri zokha: tha, tha-tha, tha. Anali amanzere. Ankanunkhira mafuta a bulugamu amene ankadzola pachifuwa, ndipo makoko a mtedza ankaponya m'dirowa m'malo motaya kunja.

Tsiku loyamba anandifotokozera chonchi: "Iwe Lameki, pulogalamuyi ndi mlaliki, kompyutayi ndi mpingo. Awiriwa samvana chilankhulo. Java amene ali m'katimu ndiye womasulira. Ukadzamuchotsa womasulira, ulaliki wonse udzangopita kudenga."

Ine ndinaseka, chifukwa ndinali nditabwera ndi dipuloma m'envelopu ndi nsapato zosongoka. Koma iwo anandilandira ngati mwana wawo. Anandionetsa zonse, ndi pobisa kiyi pomwe.

Chitatha chaka, komiti inati singathe kusunga makalaliki awiri. Mmodzi apite. Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene nkhani yanga imanunkhira. Pulogalamu ija ikamatseguka inkaonetsa kamzere pansi: Yolembedwa ndi D. Namalomba. A komiti sankayang'ana pasikirini, iwo ankangodziwa pepala. Tsiku loti mawa lake kuli msonkhano, a Namalomba ataweruka, ndinatsegula pulogalamuyo kuseri kwake, ndinafufuta dzina lawo n'kulembapo L. Mulewa. M'pulogalamu yonse ija, mawu amene ndinalembamo ine ndi amenewo basi.

Pamsonkhano ndinati a Namalomba anangoiyamba, koma amene anailemba mwatsopano ndine. Ndinatembenuza sikirini kuti onse aone. A Namalomba anavala magalasi, anawerenga, anawavulanso. Komiti itagamula, anatenga chipewa chawo chamlaza, anandipatsa dzanja, n'kunena kuti, "Kompyutayi uziipukuta, Lameki. Siikonda fumbi."

Zaka zitatu zinadutsa. Sindinapiteko kwawo ngakhale tsiku limodzi. A Namalomba atamwalira, Lolemba lina m'nyengo yowokera mpunga, ndinati ndili ndi malungo kuti ndisapite kumaliro. Ndinagona m'nyumba ndi thupi labwinobwino, ndikumva nyimbo za maliro zikudutsa patali.

Lachitatu m'mawa kunabwera mayi Likhutcha, wapampando wa sikimu, mayi wa mawu ochepa amene ankayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Anaima pakhomo osalowa.

"A Mulewa, kumeta akuikira Lolemba, akudikira mwana wawo wa ku Joni. Ndiye mpaka atameta, chilichonse chimene manja a malemu anasiya muno musachisunthe. Mpandowo, kapuyo, zonse."

"Mpando ndi kapu sindikhudza, mayi," ndinatero. "Koma kompyutayi ndi ya sikimu, ndipo zili m'katimo ndi zanga."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anatsegula ambulera yawo n'kumapita.

Masana a tsiku lomwelo kunafika alendo awiri a bungwe lina lothandiza alimi. Mmodzi, wa msinkhu wanga, anasuzumira m'kompyutamo n'kuyamba kuseka. "Achimwene, Java ameneyu ndi wa nthawi ya atsamunda. Si mwati munalemba ndinu pulogalamuyi? Nanga chikukuvutani n'chiyani kuikamo watsopano?"

Galimoto lawo lisanazimiririke n'komwe, ndinali nditamuchotsa Java wakale. Ndinatenga watsopano pafulashi yanga, ndinayamba kumuika. Anafika pakati n'kuima. Windows yakale ija sinkatha kumunyamula, ndipo munthu wodziwa ntchito akanadziwiratu zimenezo asanachotse kanthu. Ndinadina pulogalamu ya madzi. Panatuluka kabokosi kotuwa konena kuti Java sakupezeka. Ndinadinanso. Kabokosi komweko. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti Lolemba lili kutali. Ndinazimitsa, ndinazula nthambo kubatire la sola monga mwa masiku onse, ndinakhoma.

Lachinayi m'mawa ndinapeza mausi ili kumanzere.

Sikuti inangotsetsereka ayi. Nthambo yake inali itadutsitsidwa bwinobwino kuseri kwa sikirini, mmene ankaikira mwini wake kale. Kiyi wa ofesi anali mmodzi, ndipo anagona m'thumba mwanga. Ndinadziuza kuti mwina ndinaisuntha ndekha chifukwa cha kubalalika. Ndinaibwezera kumanja. Powerama kuti ndilumikize nthambo kubatire, dzanja langa linakhudza kumbuyo kwa kompyuta. Kunali kofunda.

Tsiku limenelo ndinalithera pachulu cha kuseri kwa ofesi, pamene pankagwira netiweki, ndikukokera pafoni Java aliyense wakale amene ndikanamupeza. Vuto linali loti sindinkadziwa kuti pulogalamuyo inkafuna Java uti. Munthu amene "anailemba" sankadziwa. Wina ankakana kulowa, wina ankalowa koma pulogalamu n'kungophethira n'kutsekekanso. Cha m'ma leveni, dzuwa lili phwee, ndili pachulupo, ndinamva kuchokera mu ofesi: tha, tha-tha, tha.

Ndinatsika pang'onopang'ono. Pakhonde ndinapeza mayi Likhutcha atakhala pabenchi, akudikira. Atandiona ndikutulukira kuseri, anayang'ana ine, anayang'ana chitseko.

"Ndimayesa muli m'kati," anatero motsitsa mawu.

Phokoso lija linali litasiya. Mayiwo anadzuka, anasiya zimene anabwerera, anapita osatsanzika. Ambulera anaiiwala pabenchi.

Lachisanu mausi inali kumanzere kachiwiri. M'dirowa munali makoko a mtedza, osati akalekale ofumbwa, koma onunkhirabe chiwaya. Katsamiro ka pampando wa malemu kanali kolowa pakati. Ndinalumikiza nthambo. Kompyuta itayaka, panali patatseguka kale kawindo kakuda kaja kolembamo malamulo, ndipo munali molembedwa. Wina anali atalemba njira yopita kufoda imene munkakhala Java wakale. Kompyuta inayankha kuti kulibe. Analembanso. Kulibe. Analembanso kachitatu, ndipo mzere wachinayi unathera pakati, kachizindikiro kakuphethira kumapeto kwake.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinandigwira pamenepo sanali mantha okha. Mzimu wokwiya ndikanaumvetsa. Ukanandigwetsera denga, ndikanati ndalandira zanga. Koma uyu sankandifuna ine. Ankangofunafuna chida chake pamalo pamene anachisiya, ngati munthu wopapasa machesi mumdima. Ndinatuluka, ndinakakhala pansi kuseri kwa ofesi.

Madzulo ake mphekesera inali itafika kale m'minda kuti makina afa. Nazale zinali zitazulidwa, mbande zili m'mitolo, ndime zakumunsi zitayamba kung'aluka. Bambo wina anakhala pamwala wa pakhomo la ofesi akunola khasu. Khasulo linali lakuthwa kale. "Lolemba pepala lituluka, alembi?" anafunsa osadzutsa mutu. Ndinati lituluka.

Ndinkakumbukira kuti a Namalomba ankasunga zimbale za kompyuta kunyumba kwawo. Kukapempha kunatanthauza kukaima pamaso pa namfedwa, ine amene sindinabwere kumaliro, n'kukavomera kuti pulogalamu "yanga" sindikuidziwa. Ndinaganiza zothawa pa basi ya m'mawa. Koma manyazi anapha lambe, ndipo apa akanapha ndi anthu ena amene sanabe dzina la munthu. Loweruka ndinanyamuka.

Njira sindinkaidziwa. Chaka chathunthu ndinagwira nawo ntchito, mtedza wawo ndinadya, koma kwawo sindinkakudziwa. Ndinangomva kuti ukatsata mtumbira wa ngalande yaikulu ukafika. Kufunsa ndinkachita manyazi. Ndinayenda ola lathunthu dzuwa lili paliwombo, kopanda munthu, mpunga uli zii mbali zonse. Kenaka ndinaona munthu patsogolo panga akukankha njinga.

Anali patali pang'ono, poti ukaitana angamve. Anavala chipewa chamlaza. Chinandidabwitsa n'choti ankayenda kumanja kwa njingayo, mbali ya tcheni, kumene anthu ambiri sayendako. Ndinafulumira kuti ndimupeze ndifunse njira. Mtunda wapakati pathu sunachepe. Ndinaima kuti ndichotse kamwala m'nsapato, iyenso anaima, osacheuka. Njingayo sinkalira, ngakhale ka tcheni. Pamphambano ya pakalavati anakhotera kumanzere, ndipo miyendo yanga inamutsata ndisanaiuze. Anakhotanso pa mjigo wakufa. Atafika pamtengo wa mango waukulu anazungulira kuseri kwake, ndipo mbali inayo sikunatuluke munthu.

Kuseri kwa mtengowo kunali nyumba ya njerwa zootcha, pabwalo pali phulusa la moto wa pamaliro. Pansi pa khonde panatsamira njinga yofunditsidwa chiguduli, matayala onse ali ophwa. M'matayalamo munali matope aawisi.

Mayi Namalomba anakhala pamphasa, atavala zakuda. Ndinagwada chapatali.

"Pepani, mayi. Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo, bambo. Ndinu a Mulewa, eti?"

"Ndine, mayi."

"Mwachedwa."

Sananene mokalipa. Ananena ngati akunena za mvula. Ndinayamba kuzungulira, za malungo, za ntchito, kenaka ndinafunsa ngati ndingaone nawo zimbale za malemu.

"Zili m'sutikesi mwawo," anatero. "Ndipo sutikesiyo sitsegulidwa mpaka titameta. Zimenezo mukuzidziwa, si ndinu mwana."

Pamenepo ndinaona kuti njira zonse zatsekeka, ndipo zimene ndinazisunga zaka zitatu zinangotuluka zokha. Ndinawauza za dzina, za msonkhano, za malungo abodza, za Java. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi, ndikuwerenga nyerere. Iwo ankangotosatosa ulusi wa mphasa. Nditamaliza, anadzuka movutikira, analowa m'nyumba. Ndinamva akukoka mpando, akupapasa patsindwi. Anatuluka ndi envelopu yakuda ndi mwaye. Pamwamba pake panalembedwa ndi inki yofiira, yochongera mayeso: Lameki.

"Izi si za malemu," anatero. "Izi ndi zanu. Anakupatsani ali moyo, chaka chatha mvula isanagwe, n'chifukwa chake sanaziike m'sutikesi. Anati, 'Mnyamata uja tsiku lina adzachotsa Java pofuna kuoneka wamakono. Akadzabwera mudzamupatse, ndipo musadzamufunse kanthu.' Ndiye ine sindinakufunseni kanthu. Mwanena nokha."

Ndinalandira ndi manja awiri.

"Koma ndifunse chimodzi," anapitiriza, maso ali panjinga ija. "Kodi kuofesiko akumafika?"

Nanenso ndinayang'ana matope a m'matayala aja.

"Chifukwa kuno sanakhazikike. Kuyambira Lachinayi, tambala akalira kachiwiri, ndikumamva njinga ikuchoka. Anali munthu wosachedwa kuntchito. Kamalizeni, bambo, kuti nawonso apume."

Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, ndinadzitsekera mu ofesi. Mu envelopu munali chimbale chimodzi ndi pepala la m'kope, lolembedwa ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade faifi. Choyamba, chotsa zotsalira zonse za Java watsopano, usasiye ngakhale foda. Chachiwiri, zimitsa kompyuta, uwerenge mpaka makumi atatu, uyatsenso. Chachitatu, ika chimbale, ndipo ikayamba kuyenda usaikhudze, ndi yokalamba. Chachinayi, uiuze kompyuta njira yopezera Java, ndipo njirayo anailemba m'zilembo zikuluzikulu n'kuidula mzere kunsi kawiri.

Ndinagwira mausi kumanja kuti ndiyambe. Kamuvi sikanasunthe. Ndinaigwedeza, ndinaipukuta, ndinazula n'kulumikizanso. Zii. Kenaka ndinadutsitsa nthambo kuseri kwa sikirini, ndinaiika kumanzere, ndinaigwira ndi dzanja losazolowera. Kamuvi kanayenda.

Ndinachotsa zotsalira. Ndinazimitsa, ndinawerenga mokweza mpaka makumi atatu. Chimbale chinalowa ndi phokoso ngati la chigayo chakutali, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Katafika pakati, ndinamva fungo la bulugamu. Mpando wawo unali kumbuyo kwanga, pakona pamene mayi Likhutcha anati usasunthidwe. Unalira pang'ono, mmene umalirira mpando munthu akaukhalira mosamala kuti asasokoneze wina.

Sindinacheuke. Mpaka lero sindidziwa chimene ndikanaona, ndipo musandifunse.

Kamzere kaja kanaima katatsala pang'ono kufika kumapeto. Mphindi zisanu. Khumi. Dzanja linkafuna kudina, koma pepala linati usaikhudze. Ndinalankhula ndikuyang'ana sikirini.

"Aphunzitsi, ndinakuberani. Ndinakuchotsetsani ntchito ndi chinthu chanu chomwe. Ndipo kumaliro kwanu sindinadwale."

Kumbuyo kwanga kunangomveka tswa, ngati munthu waswa mtedza umodzi. Patapita nthawi, kamzere kanamaliza ulendo wake.

Ndinalemba njira ija chilembo ndi chilembo. Ndinadina pulogalamu. Inatseguka. Pulintala inakhosomola n'kuyamba kulavula ndandanda wa Lolemba, ndime zakumunsi zili poyambirira. Fungo lija linali litachoka. Ndisanatseke, ndinalowa kuseri kwa pulogalamu, ndinafufuta L. Mulewa, ndinabwezera D. Namalomba. Ndinapita kunyumba ndikumva ngati ndatula thumba la mpunga.

Lolemba ndinamata pepala dzuwa lisanatuluke. Alimi anawerenga, anabalalika kupita m'minda, makasu ali pamapewa mmene amayenera kukhalira. Mayi Likhutcha anabwera kudzatenga ambulera yawo popita kokameta. Ndinawaimitsa, ndinawauza zonse, ndinati ngati komiti ikufuna kundichotsa ine ndavomera.

"A Mulewa," anatero, "zaka ziwiri tinkamva zala za bambo aja zikugogoda muno. Mukuganiza kuti tinali ogontha? Tsiku la msonkhano uja, inu mutatuluka, tinafuna kukuthamangitsani. Anatiletsa ndi iwowo. Anati iwo ali ndi penshoni ndi munda, inu muli ndi envelopu yokha."

Ndinafuna nthaka itseguke. Zaka zitatu ndinkayenda pasikimupo chifuwa chili patsogolo, anthu akundipatsa moni wa ulemu, onse akudziwa.

"Dzina ndabwezera, mayi," ndinatero. "Bwerani muone."

Ndinayatsa kompyuta, ndinatsegula pulogalamu, ndinatembenuza sikirini monga ndinachitira tsiku lija. Pansi panalembedwa kuti: Yolembedwa ndi L. Mulewa.

Mayiwo anawerenga, anandiyang'ana, anatuluka.

Ndinasinthanso tsiku lomwelo, ndinaonetsetsa kuti zasungika, ndinatseka n'kutsegulanso katatu. Dzina lawo linalipo. M'mawa mwake linali langa. Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi awiri. Njinga inali itasiya kuchoka, mayi Namalomba anatumiza uthenga. Makoko a mtedza sanaonekenso, mpando sunalirenso. Koma kamzere ka dzina kaja kokha kanakana. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatenganso pepala la malangizo lija kuti ndione ngati ndinadumpha china. Ndinalitembenuza. Kuseri kwake kunali mzere umodzi wa inki yofiira, ndipo ndikhoza kulumbira kuti Lamulungu lija kunali koyera.

Chachisanu: dzinalo lisiye. Unalifuna.

Ndinagwira ntchito pasikimu ija zaka zina zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ndinkapukuta fumbi, ndinkayatsa, ndinkawerenga dzina langa pansi pa ntchito ya munthu wina. Mlendo akafunsa kuti analemba ndani, ndinkati a Namalomba, iye n'kuloza pasikirini, ndipo ndinkayenera kufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, mmene ndakufotokozeranimu. Ena amati anandikhululukira, ena amati anandilanga. Ine ndinawadziwa bambo aja. Anali mphunzitsi, ndipo mwana akalakwa samu sankamumenya, ankangomusiya ayang'anizane nayo pabolodi mpaka belu lilire.

Taonani, magetsi abwera. Bwererani kumatebulo anu. Iwe, podutsa patebulo langa, mausi iyo uisiye pamene ili.